Ndakatulo za Mayi Farideh

Dubai, 26 Febuluwale 2020

Okondedwa achemwali a Hildah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo ndi onse ku Nsipe. Ine kuno Mulungu akundisunga. Kalatayi ndalemba papepala n'kuijambula pa foni, kuti mukawawerengere abambo, poti iwo amati timauthenga tothamangitsa tija si kalata.

Ntchito yolera ana ija ndinasiya. Tsopano ndikusamala mayi wina wokalamba, Mayi Farideh, a zaka 81. Tikukhala ku Jumeirah Village Circle, m'nyumba zosanjikizana, ife kumwamba kwenikweni. M'nyumbamo mulinso mwana wawo a Kamran, akazi a Kamran ndi mdzukulu wa Mayi wamkazi. Anthuwa si Aluya. Kwawo ndi ku Iran, mzinda wotchedwa Shiraz, koma anasamukira kuno a Kamran ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyankhulo chawo amati Chifarisi.

Ntchito yake si yolemetsa: kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kuwayendetsa pakhonde. Mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Dzulo anandifunsa katatu ngati adya kale. Koma m'mawa uliwonse akangomwa tiyi amayamba kuyankhula okha, mawu okwera ndi kutsika ngati nyimbo yopanda ng'oma. Poyamba ndinkayesa pemphero. Nditafunsa a Kamran, anati, "Ndi ndakatulo zakale za kwathu. Amayi anali mphunzitsi wa zimenezo. Dzina langa adzaliiwala, koma izo ayi."

Mwendo wa abambo uli bwanji? Nanga chimanga chabereka? Ndatumiza kangachepe Lolemba, mugulireko mankhwala awo aja.

Ine mng'ono wanu,
Lennah

Nsipe, 29 Malichi 2020

Lennah mng'ono wanga,

Moni wa m'dzina la Ambuye. Tili bwino, ndipo zimene unatumiza zinafika. Mwendo wa abambo ukadali wotupa koma akuyenda ndi ndodo. Chimanga chachita bwino kumunda wa kudambo, wa kumtunda uja mbozi zinalowamo.

Sukulu atitsekera sabata yathayi chifukwa cha matenda a kolona, ndiye ndili pakhomo. Pa wailesi akuti kumayiko kwanuko anthu akufa ambiri. Tiuze zoona, uli bwinodi?

Kalata yako ndinawawerengera abambo kawiri. Pamene unalemba kuti Chifarisi anandiimitsa, nati, "Afarisi a m'Baibulo aja akalipo?" Tiuze, anthu amenewa amapemphera chiyani? Amakulola kupita kutchalitchi? Ndipo munthu woyankhula yekha uzichenjera naye. Gwira ntchito yako, zina zawozo uziwasiyira eni ake.

Mkulu wako,
Hildah

Dubai, 19 Epulo 2020

Achemwali,

Moni nonse. Ndaseka ndekha za Afarisi. Muwauze abambo kuti si amenewo. Awa ndi anthu a dziko limene Baibulo limati Perisiya. Ndi Asilamu, koma za chipembedzo changa sanandivutitsepo.

Zinthu kuno zasintha. Kumayambiriro kwa Malichi a Kamran ndi banja lawo anapita ku Canada ku ukwati wa mlamu wawo, amati akakhala masabata awiri. Ali komweko ndege zinaimitsidwa. Ndiye m'nyumba muno tatsala awiri, ine ndi Mayi. Kutuluka panja mpaka utapempha chilolezo pa foni. Zakudya amatisiyira pakhomo. Ukasuzumira pawindo, msewu wonse uli zii, ngakhale mabasi onyamula anthu a zomangamanga sakuoneka.

Masiku oyamba Mayi ankangolira, kufunsa mwana wawo. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anayamba ndakatulo zawo zija, ine n'kungobwereza mawu omaliza kuti ndiwaseketse. Anatembenuka n'kundigwira dzanja. Anati, "Nenanso." Ndinanena. Anati, "Ayi, kukhosi, osati pamilomo." Kuyambira pamenepo ndine mwana wa sukulu. Ndakatulozi zimayenda mizere iwiriiwiri. Ine ndimanena woyamba, iwo amamaliza wachiwiri. Ndikalakwitsa amakweza chala ngati mmene mumachitira inu m'kalasi. Munthu woiwala ngati wadya, koma kulakwitsa kwanga kwa dzana amakukumbukira!

Ali ndi buku lakale lachikopa, masamba ake ofiirira. Pa tsiku la chaka chawo chatsopano, mwezi wathawu, anandiuza kuti ndiganize chinthu mumtima. Ndinaganiza za abambo. Iwo anatsinzina, natsegula bukulo pena paliponse, nawerenga. Anandimasulira m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti ndakatuloyo ikunena za wapaulendo amene wachedwa panjira koma kwawo sanamuiwale. Akuti kwawo banja lililonse limachita zimenezi.

Ndinawafunsa chifukwa chake amazikonda chotere. Ndilemba monga ananenera. Anati, "Lennah, kwathu kunadutsa magulu a nkhondo ambiri. Anatentha mizinda, mafumu anasinthana, ngakhale zilembo zimene timalembera si zimene makolo athu oyambirira ankalembera. Koma ukakwera takisi ku Shiraz, dalaivala wosamaliza sukulu akhoza kukulakatulira mizere ya munthu amene anafa zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo, ndipo umaimva ngati yanenedwa dzulo. Pochoka kwathu ndinanyamula masutikesi awiri. Nyumba ndinasiya, manda a mayi anga ndinasiya. Koma izi zinali m'mutu, palibe amene anandisecha n'kuzipeza. Ndikasiya kuzinena, ndine nkhalamba chabe yokhala m'nyumba ya lendi m'dziko la eni."

Ndinafunsa ngati a Kamran amazidziwa. Anangoyang'ana kumbali.

Kumeneko matendawa afika? Muziwaletsa abambo kupita kumsika.

Lennah

Nsipe, 10 Meyi 2020

Lennah,

Tili moyo. Matendawa akuti alowa m'dziko muno koma kuno kwathu sitinamve za munthu.

Kalata yako yandisowetsa mtendere. Ukuti unaganiza za abambo mumtima, munthu n'kutsinzina, n'kutsegula buku, n'kukuuza za m'tsogolo. Kuno zimenezo timazitcha kuombeza, ngakhale ula wake ukhale wachikopa. Amayi anatilera bwanji ife? Ukubwereza mawu amene tanthauzo lake sulidziwa. Ukudziwa bwanji kuti sukulumbira kwa milungu ina? Wayamba kuyankhula za mayi ameneyo ngati ndiye anakubala. M'kalata yonse ija za kutchalitchi sunayankhe.

Gawo la buku lija sindinafune kuwawerengera abambo, koma anazindikira kuti ndadumpha, nati ndibwerere. Nditamaliza anangotenga ndodo yawo n'kukakhala kuseri kwa khola mpaka dzuwa kupendeka. Taona zimene wawachita.

Ndege zikayamba kuuluka ubwere. Ntchito idzapezeka ina.

Hildah

Nsipe, 12 Julayi 2020

Lennah,

Miyezi iwiri yakwana osamva mawu ako. Ndikaimba foni siyankhidwa. Ngati ndinakulakwira m'kalata ija, ndikalipire, koma usatikhalire chete. Abambo amafunsa m'mawa uliwonse.

Florah wa kwa a Chimkwita, amene amagwira ntchito ku Dubai komweko, anaimbira mayi ake kuti anakuona mwezi watha ukutsika galimoto la mwamuna wachilendo, utavala zakuda, mpango utakulunga mutu mpaka m'khosi. Akuti anakuitana koma sunatembenuke. Nkhaniyi yafika kale pachitsime. Ena akuti wakwatiwa, ena akuti wasintha dzina.

Ngati ndi choncho tiuze wekha. Ndife abale ako, tidzalira koma tidzamva. Chokhacho tidziwe kuti uli moyo.

Mkulu wako,
Hildah

Dubai, 2 Ogasiti 2020

Achemwali anga,

Ndili moyo. Pepani kwambiri. Sindinakwatiwe, ndipo dzina langa likadali lomwe anandipatsa amayi. Kalata yanu ya Meyi inandipweteka, ndinati ndiyankhe mtima ukatsika. Usanatsike, matenda analowa m'nyumba. Pambuyo pake ndinaopa kuti abambo akamva agwa nazo. Tsopano ndinena zonse.

Kumapeto kwa Meyi Mayi anayamba kutentha thupi. Patapita masiku awiri nanenso. Anatiyeza, tonse anatipeza ndi kolona. Iwo anawatengera kuchipatala, ine anandiika kumalo kobindikiritsa odwala pang'ono, chipinda changa ndekha. Ndinatsokomola mpaka nthiti kuwawa, fungo ndi kukoma kwa chakudya zinatha, koma sindinafike poipa.

Tsiku lachinayi a Kamran anandiimbira kuchokera ku Canada. Anati Mayi asiya kudya, akuvula chopumira mpweya, ndipo Chingerezi chawathawa chonse, anamwino sakumvana nawo. Namwino wina anawaonetsa a Kamran pa foni. Iwo anayankhula Chifarisi, "Amayi, ndine Kamran," koma Mayi anatembenukira kukhoma. Kenako a Kamran anandifunsa, "Lennah, amati amakuphunzitsa. Ukukumbukirako chilichonse?"

M'mawa mwake, nthawi ya teni koloko, namwino uja anatilumikiza atatu. Ndinawaona, achemwali. Anali atachepa ngati mwana, maso otseka, tsitsi losapesa. Ndinanena mzere woyamba umene anandiphunzitsa. Sanagwedezeke. Ndinanenanso, chifuwa n'kundidula pakati, mawu ena n'kuwapotoza. Pamenepo chala chawo chinadzuka pabulangete. Anatsegula maso, nakankhira chopumira chija pambali, nandikonza mawu ndinalakwitsawo. Kenako anamaliza mzere wachiwiri. Namwino anafunsa kuti, "Akuti chiyani?" A Kamran ankangolira.

Tsiku limenelo anamwa supu. Tinachita chomwecho masiku asanu ndi atatu, teni koloko iliyonse. Ine woyamba, iwo wachiwiri. Tsiku lina anapitiriza okha ndakatulo yonse, yaitali, akupumira m'kati, ndipo mayi wina wa kwawo amene anagona bedi loyandikana anayamba kuyankhira nawo. Sankadziwana n'komwe.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinanena mzere wanga, ndinadikira. Milomo inagwedera koma mawu sanatuluke. Ndinanena wachiwiriwo ndekha. Anamwalira masana ake, pa 14 Juni.

A Kamran anali asanapeze chilolezo chobwerera. Kumanda analola anthu ochepa, ndipo anatiimika patali. Ine ndinali nditangotuluka kobindikira kuja. Amene Florah anamuona ndi msuweni wa a Kamran, amene anandinyamula kupita kumandako ndi kundibweza. Mpango ndinavala polemekeza maliro a eni ake, monga iwonso akanavala chitenje kwathu. Florah sindinamumve. Tsiku limenelo sindinkamva aliyense.

A Kamran anafika kumayambiriro kwa Julayi. Masiku oyamba ankangokhala m'chipinda cha mayi awo, buku lija lili pamiyendo. Tsiku lina anandiitana. Anati, "Ine anandipititsa sukulu za Chingerezi kuti ndidzapeze ntchito yabwino. Ndinaipeza. Amayi akafuna kundiphunzitsa izi ndinkati khalas, basi, amayi, za makedzana izo. Lero kalata ya ku banki ya m'Chifarisi ndingathe kuiwerenga movutikira, koma bukuli likundikana. Sindikudziwa ngakhale tsamba limene ankakonda." Anaika foni patebulo nati ndinene zonse zimene ndikudziwa. Ndinanena mizere makumi anayi ndi isanu ndi umodzi. Bambo wa zaka makumi asanu, mwini maofesi, akulemba m'kope zimene wantchito wa ku Ntcheu akumuuza m'chiyankhulo cha mayi ake. Pena ankandiimitsa n'kundiuza tanthauzo la liwu, pena ine ndinkawauza pamene Mayi ankakweza mawu. Tsopano apeza mphunzitsi wa pa kompyuta, amaphunzira Lachisanu lililonse limodzi ndi mwana wawo.

Za kuombeza zija, achemwali, sindikutsutsani, mwina ndinalakwa. Baibulo langa ndimawerenga, ndipo m'chipinda chija ndinapemphera kuposa kale lonse. Koma mizere ija sindingailape. Ndi imene inawadyetsa supu.

Andipempha kuti ndikhalebe mpaka pangano la ntchito lithe chaka chamawa. Ndavomera. Muwagwire dzanja abambo m'malo mwanga.

Lennah

Nsipe, 6 Sepitembala 2020

NaNgozo mwana wanga,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi mkulu wako, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo kapena kuwonjezera.

Ndathokoza Mulungu kuti uli moyo. Pepa ndi maliro. Unachita bwino kukaima pamanda. Munthu saikidwa ndi alendo okhaokha.

Hildah anakulembera kuti tsiku lija ndinakakhala kukhola chifukwa unandikhumudwitsa. Sanandifunse. Chimene chinandikhazika kumeneko ndi mawu a mayi aja, akuti ndikasiya kuzinena ndine nkhalamba chabe.

Ife ndife Angoni. Agogo anga aamuna ankayankhula Chingoni, ndinawamva ndi makutu angawa akukalipira ng'ombe. Bambo anga ankangochimva. Ine ndinatola moni ndi mayina a ziwalo za ng'ombe basi. Inu mulibe ngakhale limodzi, mwangotsala ndi Ngozo wa kumapeto kwa dzina. Palibe anatilanda ndi mfuti. Chinangotha m'nyumba, pang'onopang'ono, aliyense ali wotanganidwa.

Chimene chinatsala ndi nyimbo za ngoma. Ndinaphunzira kwa atsibweni anga ndili mbusa. Mawu ake ambiri sindiwadziwa tanthauzo, monga iwenso sudziwa ako a Chifarisiwo. Mayi ako atalowa udindo kutchalitchi anati nyimbozo zimayenda ndi mowa, ndiye ndinazisiya, chishango ndinapachika. Zaka makumi atatu. Tsiku lija kukhola ndinkaziyesa chamumtima kuti ndione zatsala zingati. Zina zapita.

Mayi ako wa ku Perisiya anachita mwayi, anapeza khutu. Ine ndauza Hildah kuti azindijambula mawu pa foni yake. Wakana kawiri. Pano akulemba nkhope itagwa, koma wavomera kuti tiyamba mawa.

Ukadzabwera udzandinenere mizere yakoyo ndimve kulira kwake.

Bambo ako,
Boniface Ngozo

Nsipe, 24 Januwale 2021

Lennah mng'ono wanga,

Pa foni paja tinangolira, sindinathe kukufotokozera. Ndiye ndalemba.

Abambo anayamba kudwala Lachiwiri, chifuwa ndi kutentha thupi. Lachisanu kupuma kunavuta, tinawatengera kuchipatala pagalimoto la a Chimkwita. Odwala anali ambiri, mwezi uno matendawa atipeza ndithu. Anamwalira Loweruka m'mawa. Sanavutike nthawi yaitali. Anakutchula, anati usadandaule za ulendo, ndege si minibasi.

Maliro sanagone m'nyumba. Anabwera nawo a zaumoyo ovala zoyera thupi lonse, bokosi lotseka, molunjika kumanda. Anatiwerenga polowa. Kwaya inaimba nyimbo imodzi, abusa anapemphera mwachidule. Zonse zinatha ola lisanakwane. Munthu wa zaka 79, woweta ng'ombe zodyetsa mudzi, kuikidwa ngati tikumubisa.

Atayamba kukwirira ndinalephera kupirira. Lennah, ine amene ndinakulembera kalata ija. Ndinayamba nyimbo imene ankati ndi yoperekeza mwamuna. Mawu anga anali oonda, ndipo amayi a kutchalitchi anandiyang'ana. Koma kumsewu, kunja kwa chingwe chimene anatchingira manda, kunali madoda atatu okalamba amene anawaletsa kulowa. Anavula zipewa, nayamba kuponda pansi, nandiyankha. Sindikudziwa chimene tinaimba. Mmodzi wa iwo, a Nzunga, anandipeza pambuyo pake nati mawu awiri ndinapotoza, ndipite kwawo akandikonze. Ndipita mliriwu ukachepa.

Usabwere tsopano. Maliza pangano lako, udzabwere pomanga chiliza.

Kuyambira Sepitembala tinkajambula Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, mwendo ukawalola. Nyimbo zili mu foni ndi khumi ndi imodzi, ndikutumizira zonse lero. Pali ina yachikhumi ndi chiwiri, yaifupi. Anaiyamba Lamlungu lomaliza lija, chifuwa chinawadula, ndiye udzawamva akunena kuti, "Zimitsa, Hildah, timaliza sabata yamawa."

Mkulu wako,
Hildah